Bwinja si chilichonse chogumuka

Akonzi,

Ndiloleni ndidandauleko za mawu oti bwinja, chifukwa masiku ano anthu akungowaponya paliponse, mpanda ukagwa ndi mvula akuti bwinja, timu ikaluza magemu atatu akuti yasanduka bwinja, mpaka tsiku lina ndinamva mnyamata akunena foni yake yosweka sikirini kuti ndi bwinja. Koma abale inu.

Bwinja ndi pamalo pomwe panali mudzi kapena nyumba, anthu n'kusamukapo. Nkhani yagona pa anthuwo, osati makoma ayi. Makolo ankasamuka maliro akachuluka pamudzi, nthaka ikaguga, kaya nkhondo ikawavuta, ndiye m'mbuyomo mumatsala mapale, mafuwa akuda bii, nsatsi zomera zokha ndi mitengo ya mango yoti palibenso mwana woigenda. Ukamadutsa umachita kudziwa wekha kuti apa pankafuka utsi. Ndiye nyumba itha kukhala chiimire, malata ali bwinobwino, magalasi onse alipo, koma ngati eni ake anachoka pakhomo n'kumera thengo, limenelo ndi bwinja basi. Pomwe ina denga linasasuka ndi mphepo koma amayi akuphikabe panja ana akusewera, olo iwoneke yomvetsa chisoni bwanji imeneyo yangosasuka, anthu alipo.

Mukafuna bwinja lenileni pitani ku Mankhamba kufupi ndi Mtakataka ku Dedza, komwe kunali likulu la Kalonga wa Amaravi, akatswiri ofukula zakale anachita kukumba pansi kuti apeze mapale ndi mikanda. Kapena pamalo pomwe amishoni a Livingstonia anamanga ku Cape Maclear mu 1875, malungo atawasautsa anasamukira ku Bandawe mu 1881 n'kusiya manda a anzawo. Koma tatengani Zomba. Likulu la dziko linapita ku Lilongwe mu 1975, maofesi ambiri n'kutsatira, tawuni inazizira ndithu, koma anthu anakhalabe, Chancellor College inalipo, aphungu ankakumanabe konko mpaka 1994. Pamenepo mawu ake ndi oti inalowa pansi, ndipo cholowa pansi chimatha kudzukanso, mwini wake akadalipo woti n'kuchidzutsa.

Chomwe chimandiwawa kwambiri n'choti mawu oti bwinjawa achinyamata akuwayesa onyozera basi. Funsani mlimi aliyense wachikulire akuuzani kuti pabwinja mbewu zimachita kukondwa, chifukwa phulusa la zaka zambirimbiri, zinyalala za kudzala ndi ndowe za m'khola zonse zinathera m'nthaka momwemo. Anthu amachita kulimbirana kulima pamenepo eti. Komanso munthu akati "uko n'kubwinja kwathu" sanena mwamanyazi, amanena motsitsa mawu, poti nthawi zambiri kufupi ndi komweko kunagona agogo ake. Ndiye mawu olemera chonchi tiziwataya pa foni yosweka zoona?

Sindikukana kuti chiyankhulo chimasintha, ndipo wina akati ukwati wawo unasanduka bwinja ine ndimamva bwinobwino, chifukwa chikondi chinasamukadi n'kusiya makoma okha, fanizo limenelo lakhoza. Koma atolankhani anu akamalemba za kampani yomwe ikungopanga malosi antchito akupitabe m'mawa uliwonse, chonde alembe kuti yalowa pansi. Bwinjalo adikire kaye tsiku lomwe pageti padzamere udzu mlonda naye atapita kwawo.

Ine wowerenga wanu wa nthawi zonse.