Nkhope yako ndinaiona, mwana wanga

Mwana wanga wokondedwa,

Ndikhulupirira unafika bwino tsiku lija, ngakhale minibasi inachedwa kudzadza pa Kamuzu Road. Kuno tili bwino, kupatula bondo la bambo ako lomwe silimvana ndi mwezi wa Julaye. Mwera wavuta sabata yonseyi, asodzi aku Senga Bay sakulowa m'madzi, moti usipa tikuugula ngati chambo.

Pali nkhani yomwe ndinaisunga m'kamwa masiku atatu onse unali kuno kuchinkhoswe cha msuweni wako. Sindikanaiyamba pamaso pa azakhali ako, ukuwadziwa mmene amakulitsira zinthu. Nkhope yako ndinaiona. Usiku uja utasukusula n'kuchotsa phawuda, masaya anali otuwa mbuu, m'mbali mwa mphuno mukusupuka, ndipo ukamaseka khungu limachita kukokeka ngati chikopa cha ng'oma chowambidwa pamoto. M'mawa mwake posesa m'chipinda ndinapeza kachikwama kako kali yasa pabedi. Sindinafufuze ayi, kanali kotsegula kale. Ndinawerenga mabotolo ndi machubu 9. Nkhope imodzi, mwana wanga!

Unamwino ndinaugwira zaka zoposa 30, ndipo anthu ambiri omwe ankabwera ndi nkhope youma sankasowa mankhwala. Ankangofunika kusiya zomwe ankachita. Pamwamba pa khungu pali kachigawo kopyapyala kwambiri komwe ndimakayerekeza ndi nkhokwe ya agogo ako ija, yolukidwa ndi nsungwi n'kumatidwa dothi. Nsungwizo ndi timaselo ta khungu, dothilo ndi mafuta omwe thupi limapanga lokha. Dothi likakakatuka, zam'kati zimatayika ndipo anankafumbwe amapeza polowera. Khungu nalonso likachotsedwa mafuta akewo, madzi amathawa, ndipo fumbi, utsi wa mbaula, ngakhale mafuta onunkhira omwe kale sankakuvuta, zimayamba kukuwawa. Iwe ukaona choncho ukuthamangira botolo lina, botololo likukakatulanso dothi lina.

Komanso usaiwale kuti unakulira kunyanja. Kuno tili pamtunda wa mamita pafupifupi 500 ndipo mpweya umakhala ndi chinyezi cha nyanja. Lilongwe ali pamwamba kuposa mamita 1,000, ndipo kuyambira Juni mpaka Ogasiti mphepo yake ndi youma, yafumbi. Uwonjezepo eyakoni ya kuofesi kwanu yomwe imaumitsa mpweya tsiku lonse, ndi madzi otentha omwe umakonda kusamba mpaka bafa lonse kuchita nthunzi. Madzi otentha amasungunula mafuta pankhope monga momwe amachitira pa mbale yodyera nyama.

Choyamba ndi sopo. Khungu la munthu ndi lowawasa pang'ono, pa muyeso wa kuwawasa wotchedwa pH limakhala cha m'ma 5, pomwe sopo wamtanda ali mbali inayo, amafika 9 kapena 10. N'chifukwa chake ukasamba naye nkhope imachita kuti gwa, ndipo ambiri amaganiza kuti uko ndiye kuyera. Sopo afike kumaso kwako kamodzi patsiku, madzulo, akhale wofewa, wopanda fungo lamphamvu, ndipo madzi akhale ofunda chabe. M'mawa madzi okha akwanira. Chinkhupule ndi chabwino, chimamera pampanda ndipo chikatha chimaola chokha, koma n'cha kumsana ndi miyendo. Kumaso gwiritsa ntchito zala zako.

Mng'ono wako anandionetsa pafoni atsikana a pa TikTok akufinyira mandimu m'kapu, kuthiramo soda ndi shuga n'kumakwecha kumaso, akuti n'zachilengedwe. Chitedze nachonso n'chachilengedwe, koma sindinaone munthu akuchidzola. Madzi a mandimu ndi asidi wamphamvu, pH yake ili cha m'ma 2, ndipo ukatuluka nawo padzuwa amatha kuwotcha khungu n'kusiya mawanga akuda okhala miyezi. Ndinawaonapo amayi otere, ena mizere ya madzi a mandimuwo ikuonekera bwinobwino patsaya momwe anayenderera. Soda wa therere ndiye mnzake wa sopo wamtanda uja. Mankhwala otsukira mano pa chiphuphu, usayese n'komwe.

Tsono zoti udzole. Chinsinsi chake chagona pa nthawi, ndipo ambiri amaphonya apa. Mafuta sathira madzi m'khungu, amangotsekera madzi omwe alimo kale. Ukadzola pankhope youma kale, ungonyezimira pamwamba koma m'kati muli gwa. Ndiye ukangosukusula usapukute mpaka kuuma. Gunditsa kansalu pang'onopang'ono, nkhope ikadali yachinyezi, pomwepo dzola.

Yamba ndi gilisalini, yemwe uja wa m'kabotolo ka m'golosale, amene umamunyoza kuti ndi wa agogo. Ntchito yake ndi kukoka madzi n'kuwagwira. Koma osamudzola yekha: amamata, ndipo mphepo ikakhala youma kwambiri amatha kukoka madzi a m'khungu momwemo. Supuni imodzi ya gilisalini usakanize ndi masupuni anayi kapena asanu a madzi owiritsa atazizira. Upange wochepa, wa sabata imodzi, chifukwa chilichonse chosakaniza ndi madzi chimaswa tizilombo chikakhalitsa.

Pamwamba pakepo ndiye mafuta a malambe, madontho atatu okha pachikhatho, upake m'manja n'kudinda kumaso mofatsa. Ndimaseka ndekha ndikaganiza za nthanga za malambe zomwe munkalavula pabwalo pano muli ana, ndi zina zomwe amayi opanga mafirizi amataya kudzala. Nthanga zomwezo ena amazifinya pa makina popanda kuziwotcha, mafuta ake n'kukagulitsidwa ku Ulaya m'timabotolo tating'onoting'ono pamtengo woti sungakhulupirire. Milambe yake ndi yomweyi timaidutsa popita ku Chipoka ndi ku Golomoti. Mafutawa ndi opepuka, amalowa msanga, sasiya nkhope ili noninoni. Ndi odzola okha, usaphikire. Uwasunge m'botolo lagalasi lakuda kutali ndi dzuwa, ndipo akayamba kununkha ngati mtedza wogonera chaka, ataye. Akatha usanapeze ena, mafuta a mpendadzuwa osaphikirako, omwe alimi amafinyitsa okha, amagwira ntchito yomweyo. A kokonati ndi abwino m'miyendo ndi m'tsitsi, koma kumaso ena amawatulutsa ziphuphu, ndipo iwe unali wa ziphuphu uli ku sekondale.

Nsatsi sindingaisiye osaitchula, agogo ako angandidzudzule kumanda komwe aliko. Ankaikazinga, kuisinja mumtondo, kuiwiritsa mumphika waukulu n'kumatapa mafuta oyandama pamwamba ndi chipande. Tsiku loyenga nsatsi mudzi wonse umadziwa ndi fungo. Anamwali potuluka kutsimba ankadzozedwa mafuta amenewa mpaka kuchita waliwali padzuwa. Koma ndi olemera kwambiri, kumaso kwako sangakuyanje. Ndi a mang'a a kuzidendene, zigongono ndi nsidze. Ndipo nthanga zake zili ndi poizoni, zotsalira poyenga agogo ako ankazikwirira kuti mbuzi ndi ana asazifike.

Apa mwina undidabwa. Vaselini si wachilengedwe monga momwe anzako akunenera, amachokera ku mafuta okumbidwa pansi, omwewo a petulo. Komabe pa zonse zomwe ndinagwiritsapo ntchito kuchipatala, palibe chomwe chimatsekera madzi m'khungu kumuposa, ndipo sawawa ngakhale pakhungu la khanda. Milomo ikathetheka kapena m'mbali mwa mphunomo mukasupuka, paka pang'ono usiku pamalo pokhapo. Kabotolo kamodzi kamatha chaka. Ine ndimaona kuti kabotolo kamodzi ka chaka chonse kamawononga dziko pang'ono kuposa mabotolo 9 olembedwa masamba obiriwira.

Uchi ungaupake kawiri pa sabata, mphindi 15, n'kutsuka ndi madzi ofunda. Nawonso umagwira chinyezi. Ukhale weniweni, osati wa shuga wopsereza womwe amagulitsa m'mabotolo a mowa m'mbali mwa msewu. Peyala lakupsa ukalinyenya n'kusakaniza ndi uchiwo silikupweteka, ngakhale ine ndimati theka lalikulu ulidye. Alovera wa pakhonde panga pano ukamufuna, umudule n'kumuimika kaye kuti madzi achikasu aja atuluke, chifukwa amenewo ndiwo amayabwa. Chofunika ndi choterera choyera cha m'kati. Chilichonse chatsopano uyambe wachiyesa m'kati mwa chigongono masiku awiri. Ndipo usayambe zonse tsiku limodzi, ukatupa sudzadziwa chakulakwira n'chiti.

Tsopano khala pansi, ndikufunse za kachubu kaja kopanda bokosi, kolembedwa clobetasol m'timalemba tating'ono. Sindikukukalipira. Ndikudziwa kuti pamsika amakagulitsa ngati kochotsa mawanga, ndipo sabata zoyamba nkhope imasalaladi n'kuyera. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Amenewo ndi mankhwala amphamvu kwambiri a gulu la steroid, omwe adokotala amalembera matenda ena a pakhungu kwa sabata zowerengeka, ndipo kawirikawiri osati kumaso. Ukawadzola miyezi khungu limapyapyala mpaka timitsempha kuonekera, ziphuphu zimabuka, dzuwa limakuwotcha msanga, ndipo ukasiya nkhope imafiira n'kumayaka moto, n'kubwereranso kukagula. Anzake ndi hydroquinone ndi mercury, mankhwala omwe amaikidwa m'mafuta ena oyeretsa khungu. Hydroquinone ukamudzola nthawi yaitali amabweretsa zigamba zakuda bii m'masaya zomwe sizichoka msanga, ndipo ku South Africa anamuletsa m'mafuta odzola mu 1990 madokotala ataona amayi ambiri atawonongeka nkhope. Mercury ndiye amalowa m'magazi n'kukawononga impso, ndipo amamufika mwana ali m'mimba ngakhale woyamwa. Pangano la maiko loletsa mercury la 2013 analitcha Minamata, dzina la tauni ya ku Japan komwe anthu anapuwala ndi kufa chifukwa chodya nsomba za m'madzi oipitsidwa ndi mercury. Ife odya nsomba tsiku lililonse nkhani imeneyo tiziimva ndi makutu awiri.

Ngati kachubuko wakadzola kupitirira mwezi, usangosiya wekha mwakachetechete. Pita ku Kamuzu Central kumbali yoona za khungu, ukatenge ndi kachubuko ukawaonetse, akakuuze mosiyira. Ukapitenso ngati pali chigamba choyabwa chozungulira ngati chipere, kapena pena pakutuluka madzi, ndipo ukayezetse shuga pomwepo poti kwa bambo ako aliko. Za mtundu wa khungu lako sindinena zambiri. Unatengera agogo ako aakazi, ndipo kumudzi kuno palibe yemwe ankawatembenukira kamodzi kokha. Za kumaso Fanta miyendo Coca-Cola uwasiyire ena.

Chinanso chomwe botolo silingakupatse ndi tulo. Unandiuza wekha kuti ukaweruka umapita kusukulu yamadzulo, n'kumagona 1 koloko. Thupi la munthu wa nkhawa ndi wosagona limachedwa kukonza khoma lija, ndipo nkhope ndiyo imayamba kuulula. Sindikuti usiye sukulu, ndine ndinakukakamiza. Koma foni ija izigona pabalaza.

Za kudya ndikuuze zomwe ndinaona ndi maso anga. Mu 1990, ndili namwino wachitsikana kuchigawo chakummwera, m'misasa ya anthu othawa nkhondo ya ku Mozambique munabuka matenda otchedwa pellagra, ndipo odwala anapitirira 17,000. Khungu linkada n'kusupuka paliponse pomwe dzuwa limafika: kumaso, m'manja, ndi m'khosi mozungulira ngati mkanda. Gwero lake linali loti mtedza unasiya kubwera pa chakudya chomwe ankalandira, anthu n'kutsala ndi ufa wa chimanga, womwe supatsa thupi vitamini wotchedwa niacin wokwanira. Sindikuti iwe uli ndi pellagra. Koma kuchokera chaka chimenecho sindiyang'ana nkhope ya munthu osamufunsa zomwe amadya, ndipo iwe unandiyankha kuti tchipisi ndi zakumwa za m'botolo. Nsinjiro m'ndiwo, nyemba, usipa, mazira, bonongwe ndi chisoso, sizodula kuposa mabotolo ako aja.

Dzuwa la Okutobala likubwera. Khungu lakuda nalo limapsa, ndipo mawanga amadetsedwa ndi dzuwa lomwelo. Chipewa chachikulu kapena ambulera, ndipo ngati ndalama ilipo, pa mabotolo odula aja lokhalo loyenera kugula ndi la mafuta oteteza kudzuwa a SPF 30.

Botolo lina m'kachikwama kaja linali lokwechera kumaso, lokhala ndi timibulu tobiriwira. Uliyang'ane kumbuyo. Ukapeza mawu akuti polyethylene, dziwa kuti timibuluto ndi pulasitiki. Ku America anatiletsa mu 2015, ku Britain mu 2018, chifukwa sitisungunuka ndipo nsomba zimatimeza. Kodi unayamba waganizapo komwe madzi ako osamba amapita? Mtsinje wa Lilongwe umathira mu Linthipe, Linthipe n'kudzathira m'nyanja konkuno ku Salima. Zomwe ukutsuka kumaso kumeneko zikutsikira kwa amayi ako, komwe kumachokera usipa womwe ndimakutumizira. Chimodzimodzi timapepala tonyowa topukutira kumaso tija, tambiri tili ndi pulasitiki ndipo sitiola. Boma linaletsa majumbo opyapyala osafika ma micron 60 mu 2015, makampani n'kulimbana nalo m'makhoti zaka ndi zaka, ndipo pakadali pano ukapita kugombe mvula yoyamba itagwa udzaona wekha zomwe mitsinje yatibweretsera. Dula chitenje chakale chofewa tizidutswa 7, kamodzi patsiku, uzichapa Loweruka. Phawuda amachoka bwino ndi madontho a mafuta pakansalu kotero.

Usayembekeze kusintha Lachisanu likudzali. Khungu limatenga pafupifupi sabata zinayi kuti lisinthe lonse, kuona maso a nkhono n'kudekha. Masiku oyamba mwina udzaona ngati zikuipiraipira, makamaka chifukwa cha kachubu kaja.

Loweruka mlamu wako akubwera ku Lilongwe ndi galimoto ya kuntchito kwawo. Ndamupatsira kabotolo ka mafuta a malambe, uchi wochokera kwa alimi a njuchi a m'mphepete mwa nkhalango ya Nkhotakota, nsinjiro, mpunga wa ku Lifuwu ndi usipa wochepa womwe ndaupeza. Umudikire pa Area 25 cha m'ma 10 koloko, foni ikhale yoyatsa. Mabotolo agalasiwo akatha usataye, ubwere nawo pa Khirisimasi ndidzakudzadziremonso. Bambo ako akuti uwagulire mafuta opaka bondo aja, a ulendo watha anatha.

Ndine mayi ako.