Ndalama zatha, ndiye ku Chitipa akadya chani?

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo za ku Dzaleka, kampu ya othawa kwawo ya ku Dowa, poti ine nkhaniyi ndi ya pakhomo. Achemwali anga anakwatiwa ndi m'Burundi, ana atatu, ndipo amakhala bwinobwino ku Lilongwe komwe alamu anali ndi kagolosale. Mu 2023 boma litalamula kuti othawa kwawo onse abwerere ku kampu alamuwo anatengedwa, golosale nkutsekedwa, achemwali nkulondola ndi ana, nanga akanatani.

Ndinakawaona mwezi wathawu. Zigubu zachikasu zili ndandanda pamjigo kuyambira m'bandakucha, kanyumba kawo zipinda ziwiri, ana akugona pamodzi ndi thumba la makala. Malo aja paja inali ndende nthawi ya Kamuzu, anawasandutsa kampu mu 1994 kuti muzikhala anthu 12,000 basi koma pano adutsa 50,000.

Ndiye pa 20 Januwale 2025 a Trump anasayina zoimitsa thandizo lopita kumayiko akunja, pofika Julayi bungwe lawo lopereka thandizo la USAID latsekedwa, nawo a Britain anati atsitsa lawo kuchoka pa 0.5 kufika pa 0.3 peresenti ya chuma chomwe dziko lawo limapeza pachaka. Ife timangomva pa wailesi ngati za kutali koma ku Dzaleka zinafika mpaka mu poto, ndalama ya chakudya ija amalandira ku bungwe la chakudya la WFP inachepa moti achemwali akuti pakati pa mwezi ufa watha kale, ndipo alamu, munthu wozolowera kugwira ntchito ndi manja ake, saloledwa kukachita geni kunja kwa kampu. Ena anali atayezetsa kale magazi kudikira ndege ya ku America, pulogalamu yotengera othawa kwawo kumeneko nayonso anaimitsa, mafayilo angokhala.

Chomwe chikundisowetsa tulo ndi zomwe timamva zoti akufuna kutsegula kampu ina ku Kayilizi m'boma la Chitipa. Sindikukana, Dzaleka yadzadza zedi. Koma ngati chakudya chikuvuta ku Dowa konkuno, pafupi ndi Lilongwe, kumalire kuja sukulu, chipatala ndi mijigo amanga ndi ndalama za ndani? Opereka aja ndi omwe athawawa.

Ine ndikuti awaloleze anthuwa kugwira ntchito ndi kudula misonkho, makamaka omwe anakwatirana ndi Amalawi, m'malo mowakweza lole kachiwiri. Mwana woyamba wa achemwali ali Sitandade 8, wasintha kale sukulu kamodzi, ndipo anandifunsa kuti ankolo mayeso ndikalembera kuti. Ndinangoti tiona.

Wowerenga wanu,
Mponela