Za ulendo wathu wa ku Nyika pa kandege

Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Leeds kumeneko pamodzi ndi alamu. Kuno tonse tili bwino. Ndakondwa kumva kuti mukubwera mu Julaye, ndipo zoti ndikuulutseni kuchoka ku Chileka mpaka ku Chelinda, ku Nyika, ndavomera ndi mtima wonse. Chimodzi chokha ndakana: musandiikire tsiku. Mundipatse masiku angapo otsatizana, ine ndisankhepo m'mawa umene kumwamba kwayera.

Julaye ndi mwezi wa mwera. Mphepoyo imatenga chinyezi cha panyanja n'kuchikankhira ku mapiri a Viphya, ndipo ikamakwera imazizira, mitambo n'kukhala pansi penipeni pa mitengo. Ku Nkhata Bay dzuwa likhoza kumawala, ku Chikangawa phiri osaoneka. Simunaiwale za pa 10 Juni 2024, pamene ndege ya Dornier 228 imene inanyamula Dr Saulos Chilima inalephera kutera pa Mzuzu chifukwa cha nyengo, n'kukagwa m'nkhalango yomweyo, anthu onse 9 n'kutisiya. Dziko lonse linalira. Ine ndikamatambasula mapu a kumpoto patebulo, maso amayamba agwera pamenepo. Ndege ya Cessna 172 imene tidzakwere ndidzaiyendetsa poona pansi ndi maso, choncho mumtambo sindilowamo ngakhale pang'ono.

Njira ndaikonza chonchi. Tidzanyamuka kukangocha, mpweya usanayambe kuvunduka ndi dzuwa. Phiri la Dedza, la mamita 2,198, tidzalilambalala patali, n'kutera ku Lilongwe kuthira mafuta. Kuchoka apo sindidzalunjika ku Mzuzu modutsa pamwamba pa Viphya ayi. Tidzatsata gombe la nyanja, Nkhotakota, Dwangwa, mpaka Nkhata Bay. N'kozungulira, mafuta adzapita ambiri, koma nyanja ili pansi pa mamita 500 pamene Mzuzu ali pa mamita oposa 1,200, ndiye mitambo ikatsika timakhala ndi malo opumira. Pa Nkhata Bay ndi pamene ndalemba mzere wofiira ndi pensulo. Tikafika apo ndipo msana wa phiri sukuoneka bwinobwino, tikutembenuka, popanda kukambirana. Ndikukuuziranitu lero kuti tsikulo musadzandichonderere kuti tingoyesako.

Kukayera, phiri tidzaliyandikira chopingasa, osati molunjika, tili pamwamba pake ndi mamita 600 kapena kuposa. Kuseri kwa phiri mphepo imatsetsereka ngati madzi a pa mathithi, ndipo imatha kukokera kandege pansi mofulumira kuposa mmene injini ingakakwezere. Ukabwera chopingasa, kukhotera kuchigwa kumakhala pafupi.

Tsopano nkhani ya katundu, imene ndikudziwa kuti simuikonda. Bwalo la ku Chelinda lili pamwamba kuposa mamita 2,300, ndipo si la phula. Kumeneko mpweya ndi wopepuka. Injini ya kandege ngati kathuka imataya mphamvu pafupifupi 3 pa 100 iliyonse pa mamita 300 alionse amene wakwera. Werengani nokha: gawo loposa limodzi mwa magawo asanu latha tisanayambe n'kuthamanga komwe. Mapiko nawo amafuna liwiro lochuluka kuti anyamule. Ndiye ngakhale mipando ili 4, tidzakwera atatu basi, inu, alamu ndi ine, aliyense ndi kachikwama kofewa kosapitirira makilogalamu 10. Masutikesi asiyeni ku Blantyre. Majuzi okha musasiye, ku Nyika kumagwa chisanu mwezi umenewo.

Tisanatere tidzayamba tadutsa pamwamba pa bwalolo kuona ngati mbidzi kapena ntchefu zili pamsewu wa ndege. Pobwerera ndidzayenda wapansi bwalo lonse, kuponda udzu kuti ndimve ngati wanyowa ndi mame, n'kusankha chizindikiro pakatikati. Tikadzafika pachizindikirocho liwiro lisanakwane, ndidzatseka mafuta, tiime. Mukadzamva injini yatsika mwadzidzidzi musadzaope, ndi dala.

Dongosolo la ulendo ndidzalipereka kwa oyang'anira ndege tisananyamuke, kuti akapanda kutimva adziwe koyambira kufufuza. Ndikonzanso galimoto yoti itidikire ku Mzuzu. Nyengo ikakana tidzadzera ku Rumphi pamsewu wafumbi uja, ndipo Nyika mudzamuona ndithu.

Mundilembere masiku amene mwasankha, komanso kulemera kwanu ndi kwa alamu, kwenikweni, osachotsera. Popanda manambala amenewo sindingawerengere mafuta. Mupereke moni kwa ana.

Ndine mnzanu wa pa Chileka.