Chifundo tili nacho, chatisowa ndi kulimba mtima

A Mkonzi,

Ndiloleni nditsutsepo mawu ena amene amatuluka m'kamwa mwa anthu nthawi iliyonse nyuzipepala yanu ikalemba za gogo amene wamenyedwa kapena kuphedwa pomuganizira ufiti. M'minibasi, pachigayo, ngakhale pawailesi anthu akamaimba foni, mawu ake ndi omwewo: “Umunthu unatha kale. Munthu ndi chilombo basi.” Akatero apukusa mutu, nkhani yathera pomwepo. Ine mawu amenewa ndimawakana, ndipo amandiopsa, chifukwa amatipatsa pobisala. Ngati munthu ndi chilombo chibadwire, ndiye kuti palibe womufunsa mlandu, palibenso choti tingakonze.

Ndine mphunzitsi wa pulayimale wopuma ntchito. Maso akadalipo, choncho masana ambiri ndimakhala pakhonde ndi buku lobwereka ku laibulale. M'mabukumo ndapeza kuti funso lathuli, loti kodi munthu amabadwa wabwino kapena woipa, anzeru a mitundu ina analimbana nalo kalekale, ndipo ena analiyankha mwa njira yoti mlimi wa kwathu kuno angamve bwinobwino.

Ku China, zaka zoposa 2,300 zapitazo, kunali mphunzitsi wina dzina lake Mengzi, amene mabuku ena amamutchula kuti Mencius. Iye anati tiyerekeze munthu akungodutsa, mwadzidzidzi waona kamwana kakukwawira pachitsime, katsala pang'ono kugweramo. Mtima wake umangoti myuu. Sikuti akufuna makolo a mwanayo amukonde, sikuti akufuna a m'mudzi amutame. Mtima wapweteka iye asanaganize n'komwe. Mengzi sananene kuti timabadwa titakhwima kale mu ubwino, ayi. Anati chimene timabadwa nacho ndi mphukira chabe, yoti ikhoza kukula kapena kufa.

Anasimbanso za phiri lina limene linali pafupi ndi mzinda waukulu. Kale linali ndi nkhalango, koma anthu a mumzindamo analipulula ndi nkhwangwa. Mvula ndi mame zikagwa, zitsa zinkaphukira ndithu, koma ng'ombe ndi nkhosa zinkabwera n'kudya mphukirazo. Mapeto ake odutsa ankaliona litachita dazi n'kumati paja sipanamerepo mtengo chilengedwere. Amene analiona phiri la Ndirande lisanametedwe m'zaka za m'ma 1990 akumva chimene mkuluyu ankanena. Mwana wobadwa lero akhoza kulumbira kuti phiri lija ndi la miyala yokhayokha kuyambira kale.

Pambuyo pake kunadza wina, Xunzi, amene anamutsutsa. Iyeyu anati munthu amabadwa wadyera ndi wansanje, ndipo ali monga thabwa lokhota limene mmisiri ayenera kulifewetsa ndi nthunzi n'kulipanikiza kuti liwongoke. Ndinaphunzitsa Sitandade 1 zaka zambiri, ndinaona ana akulandana choko ndi kutsinana, choncho Xunzi sindingamunyoze. Koma ndinaonanso ana omwewo akunyemera mbatata mnzawo amene wabwera kusukulu osadya, popanda wowauza. Chimene chimandigwira mtima n'chakuti akuluakulu awiriwa, ngakhale anasiyana poyambira, anakakumana pa mfundo imodzi: munthu amafunika kuleredwa. Makolo athu anati kuwongola mtengo m'poyamba.

Amene akuti umunthu unatha akumbukire Marichi 2023. Namondwe wa Freddy atagumula matope ndi miyala kuchokera m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe, anansi anatuluka ndi makasu ndi mafosholo, ena akukumba ndi manja, mvula ili mkati, kufunafuna ana a eni ake. Dziko lathu linataya anthu oposa 1,000, kuwerengera pamodzi ndi amene sanapezeke. M'mipingo ndi m'mizikiti, anthu osauka okhaokha ankasonkha ufa, ndowa ndi zovala. Chilombo sichichita zimenezo.

Nanga tsono anthu achifundo omwewa, bwanji amaima chilili n'kumaonerera nkhalamba ikugendedwa? Apa ndi pamene pagona nkhani yanga.

Zaka zingapo zapitazo ndinali pa maliro a mwana m'mudzi wina kwathu kuno. Dzina la mudzi ndisunga. Mwanayo anadwala masiku ochepa, thupi kutentha, kukomokakomoka, n'kutsirizika asanafike naye kuchipatala. Usiku pasiwa manong'onong'o anayamba. Kutacha, adzukulu ali kumanda, anyamata ena anakakoka gogo wina amene ankakhala yekha kumapeto kwa mudzi, n'kudzamugwetsa pabwalo pamaso pa anamfedwa. Mpango unagwa, imvi zili poyera, fumbi lili m'kamwa. Gogoyo ankangoti, “Ana anga, ndalakwanji ine?” Mnyamata wina anali atatola kale chibenthu cha njerwa. Pabwalopo panali khamu, akwaya, akuluakulu a mpingo, ndipo ndikunenetsa a Mkonzi, nkhope zambiri zinali zachisoni. Amayi ena anaphimba kumaso ndi zitenje kuti asaone. Chifundo chinalipo chodzaza bwalo lonse. Koma miyendo inali itauma.

Amene anasuntha ndi mayi wina amene ankaphika nsima kuseri kwa nyumba. Anabwera mthiko uli m'manja, ufa uli mbuu m'mikono, anadutsa pakati pa anyamatawo osayang'ana munthu kumaso, n'kukhala pansi pafumbi pambali pa gogoyo. Anamasula chitenje chake chapamwamba n'kumufunditsa kumutu. Kenako anati, mawu akunjenjemera, “Ine mwana wanga woyamba ndinachirira m'manja mwa amayi awa. Woponya aponye, tifere limodzi.” Ndinali pafupi, ndinauona mthiko uja ukugwedezeka m'dzanja lake. Mantha anali nawo, osati pang'ono. Koma atangokhala pansi iye, amayi ena awiri anadzakhala naye, abambofe tinadzuka n'kuima pakati, mkulu wa mpingo anapeza mawu, wina anathamangira kwa a nyakwawa. Mnyamata uja anataya njerwa n'kuzemba.

Aristotle wa ku Greece, amene anakhala ndi moyo nthawi imodzi ndi Mengzi ngakhale sanadziwane, anaphunzitsa kuti kulimba mtima kumakhala pakati pa zolakwika ziwiri: mantha opundula munthu mbali ina, phuma lodziponya pamoto mosaganiza mbali inayo. Mayi uja sanatukwane munthu, sanakweze mthiko. Akanatero bwenzi magazi atakhetsedwa. Anasankha chinthu chimodzi chimene chikanachititsa manyazi anyamata aja osawaputa mkwiyo, ndicho kukhala pansi. Aristotle anatinso womanga nyumba amadziwa ntchito yake pomanga, woimba zeze poimba, ndipo munthu amasanduka wolimba mtima pochita zolimba mtima mobwerezabwereza. Mayi uja ndimamudziwa bwino. Ndi yemwe amakweza dzanja pamsonkhano wa makolo ndalama za chitukuko zikapanda kuoneka mutu wake. Ndi yemwe amagogoda pakhomo usiku akamva mkazi mnzake akumenyedwa. Tsiku la maliro lija sanayambire pomwepo. Anazolowera pa zing'onozing'ono.

Ife ambiri tinazolowetsedwa zina. Mwana akafunsa funso lovuta timati wamwano. Wantchito akaulula zachinyengo timati wadziika pachiswe yekha, akanangokhala chete. M'busa Martin Luther King, ali m'ndende ku Birmingham ku America mu Epulo 1963, analembera atsogoleri anzake a zipembedzo kalata yowauza kuti mbadwo wawo udzayenera kulapa, osati chifukwa cha mawu ndi ntchito za anthu oipa zokha, komanso chifukwa cha chete wa anthu abwino. Chete ameneyo ndinamumva ndi makutu anga pabwalo lija, ndipo ndi woopsa kuposa phokoso la anyamata.

Kwathu kuno ophunzitsa zimenezi tili nawo. Nkhope imene timaipinda m'thumba pa K2,000 ndi ya munthu amene anachita zomwe ndikuchita inezi, kulembera mkonzi wa nyuzipepala, koma iye moyo uli pachiswe. Mu Novembala 1914, anthu akuda atafa kale pa nkhondo ya ku Karonga yolimbana ndi Ajeremani, M'busa John Chilembwe wa ku Mbombwe ku Chiradzulu analembera nyuzipepala ya Nyasaland Times. Anafunsa chifukwa chimene amphawi akuda, opanda kanthu m'dziko lawo lomwe, ankatumizidwira kukafa pa nkhondo imene si yawo, n'kusiya mndandanda wa amasiye ndi ana opanda bambo. Anati kunkhondoko kupite olemera, eni masitolo ndi eni minda ikuluikulu. Boma la atsamunda linaitsekereza kalatayo. Za kuukira kwa mu Januwale 1915 anthu amakambirana mosiyanasiyana, koma m'kalata ija ine ndimaona poyera kumene kulimba mtima kwake kunkachokera. Ankaona amasiye aja, ndipo zinkamupweteka.

Ndiponso kuli mayi Vera Chirwa, loya woyamba wamkazi m'dziko muno. Iwo ndi amuna awo, a Orton Chirwa, anagwidwa chakumapeto kwa 1981, anagamulidwa kuti aphedwe mu 1983, kenako chilango chinasinthidwa kukhala ndende ya moyo wonse. Anakhala zaka zisanu ndi zitatu osaloledwa kuonana, ngakhale ankasungidwa m'ndende imodzi ya Zomba. Anaonana kamodzi mu 1992, patangotsala masabata ochepa kuti a Orton amwalire m'ndendemo mu Okutobala chaka chomwecho, ndipo mayiwa sanaloledwe kukaika maliro a amuna awo. Atatuluka mu Januwale 1993, munthu akanayembekeza kuti chipata cha ndende sadzafunanso kuchiona. M'malo mwake anadzipereka kumenyera ufulu akaidi, mpaka anapatsidwa udindo woyendera ndende za m'maiko a mu Africa. Ndikamva achinyamata akuimba za chikondi ngati nkhani ya maluwa ndi mauthenga a pafoni, ndimalakalaka atamva za mayi ameneyu. Nafenso akuluakulu mutu 13 wa 1 Akorinto tinausandutsa wa paukwati pokha, chonsecho Paulo ankalembera mpingo umene unali utagawikana, anthu akukangana ndi kusumirana milandu. Chikondi chimene ankanena n'cha pakati pa anthu amene sakumwerana madzi. Yohane naye anati chikondi changwiro chimataya kunja mantha. Kwa ine mawu amenewa satanthauza kuti wokonda sanjenjemera. Amanjenjemera ndithu, koma amakhalabe pansi pafumbi paja.

Za anyamata aja ndisazisiye. N'kosavuta kuwatcha zilombo, koma mmodzi wa iwo ndinamuphunzitsa ine ndemwe kulemba dzina lake, ndipo malemu anali mphwake. Usiku wonse anali akulira. Aleksandr Solzhenitsyn wa ku Russia, amene anakhala zaka 8 m'ndende za ukaidi wa kalavulagaga kuyambira 1945 chifukwa chodzudzula Stalin, wolamulira dzikolo nthawi imeneyo, m'makalata olembera mnzake, anatulukamo ndi mfundo imene sindiiwala. Anati malire a pakati pa chabwino ndi choipa sadutsa pakati pa maiko kapena zipani, koma amadutsa mumtima mwa munthu aliyense, ndipo amasunthasuntha. Anavomereza kuti zinthu zikanayenda mwina, iye mwini akanatha kukhala mmodzi wa ozunza aja. Mnyamata wanga uja chisoni chinamusokoneza, anzake anamusonkhezera, ndipo panalibe wamkulu amene anamugwira dzanja usiku uja manong'onong'o akuyamba. Zimenezi sizichotsa mlandu wake. Zikungotiuza kuti pomuletsa panalipo, ndipo tinali nazo nthawi.

Paja ku Neno mu Januwale 2016 agogo anayi anaphedwa tsiku limodzi, mtsikana wina atawombedwa ndi mphenzi. Bungwe la MANEPO, loona za ufulu wa okalamba, lakhala likudandaula chaka ndi chaka za imfa zoterezi. Chonsecho lamulo lilipo kuyambira 1911, ndipo limanena kuti kuloza munthu chala kuti ndi mfiti ndi mlandu. Kumudzi kuno ambiri sadziwa zimenezi, mafumu ena ndi omwe. Inenso imvi zadzaza mutu, anzanga amene ndinakula nawo ena akukhala okha kumapeto kwa midzi, maso atafiira ndi utsi wa nkhuni, akuyankhula okha chifukwa cha ukalamba. Nkhaniyi kwa ine si ya m'mabuku.

Pempho langa kwa inu a Mkonzi nali. Atolankhani anu akapita kukalemba za gulu limene lazunza nkhalamba, asamangowerenga mabala ndi nyumba zotenthedwa. Azifunsanso kuti, kodi analipo amene anayesa kuletsa? Kawirikawiri amakhalapo, ndipo akavomera mwini wake, nkhani yake ilembedwe, kuti owerenga adziwe kuti zimatheka ndiponso aone mmene anachitira. Pansi pa nkhani iliyonse yotere muzikumbutsa za lamulo lija m'mawu osavuta, oti mwana wa sukulu akhoza kuwerengera a nyakwawa.

Komanso mutipatseko kadanga kakang'ono sabata iliyonse, kofotokoza m'Chichewa ganizo limodzi la munthu woganiza mozama, wa kuno kapena wa kutali, pamodzi ndi zimene anakumana nazo kuti afike pa ganizolo. Mabuku ambiri oterewa ali m'Chingerezi ndipo ali m'tauni, pamene amene amakumana ndi khamu lolusa ali kumudzi. Aphunzitsi anzanga amene akadali pa ntchito angamadule tizidutswato n'kumata pakhoma la kalasi, ana n'kumakambirana Lachisanu masana. Mukavomera, ine ndili wokonzeka kulemba ndi kutumiza zoyambirira.

Ine wanu,
Mphunzitsi wopuma ntchito,
Dedza