Kalata ya Abusa: Thandizo la Boma kwa Achinyamata Oimira Dziko pa Masewera

Okondedwa mwa Ambuye,

Mtendere ukhale nanu nonse. Pakati pathu pali achinyamata amene Mulungu anawadalitsa ndi liwiro ndi mphamvu, ndipo makolo akufunsa momwe boma limathandizira mwana akafika poimira dziko kunja. Ndikulemberani kuti muzifunsa mukudziwa.

Kawirikawiri ndalama siziperekedwa m'manja mwa wosewera. Zimachoka ku unduna kapena bungwe la boma loona zamasewera, n'kupita ku bungwe la masewera akewo, ndiye n'kufika kwa mwanayo. Njira ina ndi ya Olympic Solidarity, thumba la International Olympic Committee (bungwe loyendetsa masewera a Olimpiki pa dziko lonse), lomwe limadzera ku komiti ya Olimpiki ya dziko lililonse. Ndalamazi zimayenera kulipira mphunzitsi, chakudya choyenera, dokotala, inshulansi, viza, tikiti ya ndege, ndi masiku angapo oti thupi lizolowere nyengo ndi nthawi ya kumene akupita.

Vuto lalikulu ndi kuchedwa. Mpikisano wa Olimpiki umachitika pakapita zaka zinayi, koma malo amapezedwa kale pa mipikisano yosankhira, imene ili ndi tsiku lotseka. Ndalama zikatuluka kwatsala sabata ziwiri, tikiti yakwera mtengo, viza sinatuluke, mwana akutera usiku n'kuthamanga m'mawa miyendo itatupa ndi ulendo. Fodya wako ndi amene ali pamphuno: lonjezo la pa msonkhano wa atolankhani siligula nsapato. Chimandiwawanso mtima kuona akuluakulu operekeza akuchuluka kuposa osewera, mphunzitsi atatsala kunyumba.

Dziko la Britain linabwerako ku Olimpiki ya ku Atlanta mu 1996 ndi mendulo imodzi yokha ya golide. Kuyambira 1997, ndalama za lotale zinayamba kupita kwa osewera, ndipo ku Rio mu 2016 anapata golide 27. Sindikuyamikira lotale, mukudziwa maganizo a mpingo pa juga. Chimene ndikuloza n'chakuti thandizo linkabwera chaka ndi chaka, mosadukiza. Komatu njira yawoyo inali ndi mbali yowawa: masewera osayembekezeka kubweretsa mendulo ankadulidwa thandizo.

Makolo, musalole mwana kusaina pangano musanaliwerenge. Lilembe kuchuluka kwa ndalama, tsiku lolandira, wolipira chipatala, ndi zimene zidzachitike akavulala, pakuti ambiri amatayidwa bondo likangothyoka. Asunge risiti iliyonse, chifukwa bungwe lolephera kufotokoza momwe linagwiritsira ntchito ndalama likhoza kutsekeredwa za chaka chotsatira. Sukulu asaisiye.

Ana anga osewera, Paulo akuti pa 2 Timoteo 2:5 wopikisana salandira korona ngati sanatsate malamulo. Malamulo a WADA, bungwe la dziko lonse lolimbana ndi mankhwala oletsedwa pa masewera, amati chilichonse choletsedwa chopezeka m'thupi lanu ndi mlandu wanu, ngakhale chitachokera m'mankhwala a chimfine, choncho funsani dokotala wa timu musanamwe. Amene muli pa mndandanda wa oyezedwa mankhwala oletsedwawa, lembani kumene mudzapezeke ola limodzi tsiku lililonse. Kuphonya zimenezi katatu m'miyezi 12 kumaletsetsa munthu mpaka zaka ziwiri, thandizo n'kuima.

Inu a mpingo amene mumakhala m'makomiti a masewera, pemphani kuti malipoti a ndalama aziwerengedwa poyera, osewera alipo.

Ndine wanu mu utumiki wa Ambuye,
Mbusa wanu