Kalata yochokera ku Joni: za diso la Ababa

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira nonse muli bwino ku Ndirande. Ine kuno ndili bwino, kungoti chisanu chayamba. Achemwali andiuza pafoni kuti diso la Ababa lafiira, likuwawa mkati, ndipo padzuwa sakutha kuphenya. Akutinso mukuwathira madzi a masamba. Chonde Amayi, lekani.

Chaka chatha nanenso linandipweteka chimodzimodzi, sindinanene poopa kukudetsani nkhawa. Adokotala anandijambulira diso papepala. Anati lili ndi zikuto zitatu: chakunja ndi choyera timachiona chija, chamkati ndi retina cholandira kuwala, ndiye pali chapakati, chomwe chinatupa kwa ine. Amachitcha uvea, kuchokera ku liwu la Chilatini lotanthauza mphesa, poti n'chakuda ngati khungu la mphesa.

Mbali yake yakutsogolo mumaiona tsiku lililonse. Ndi kabwalo kozungulira mwanadiso, kamene kamamuchepetsa padzuwa n'kumukulitsa mumdima. Kakatupa, kusuntha kulikonse kumawawa, n'chifukwa chake Ababa akubisala m'nyumba. Kuseri kwake kuli kamnofu kogwira lenzi (kagalasi ka m'kati mwa diso), kothandiza kuona zapafupi, ndipo komweko n'komwe kumachokera madzi a m'kati mwa diso, osati misozi. Apa mpomwe ndinachita mantha. Madziwo amayenera kumatuluka, koma kutupa kukatseka njira yake amadzadzana, n'kuyamba kuwononga mtsempha woonera mwakachetechete. Mtsempha umenewo ukafa, wafa. Kumbuyo kwenikweni kwa chikuto chapakatichi kuli timitsempha ta magazi tambirimbiri todyetsa retina.

Mukuona, bvuto lili mkati, komwe masamba safika. Mwinanso angowonjezera zilonda pamwamba. Ine anandiyeza magazi ndi chifuwa, chifukwa kutupa kotere nthawi zina kumabwera ndi TB kapena chindoko. Anandipatsa madontho awiri, ena ochepetsa kutupa, ena okulitsa mwanadiso kuti asamatirire ku lenzi. Patatha milungu ingapo ndinachira. Koma musakagule madontho pamsika, ena amaononga diso ngati sanakupimeni.

Ndatumiza ndalama pa Mukuru, ya minibasi ndi yakudya. Lolemba m'mamawa achemwali awaperekeze ku Gulupu, akafunse kuchipatala cha maso cha Lions. Ndikudziwa Ababa akana, anena kuti lipola lokha. Muwauze kuti ndine ndapempha, ndipo ndiimba Lolemba madzulo kuti ndimve zomwe adokotala anena.

Moni kwa ana onse ndi amalume.

Ndine mwana wanu,
wa ku Johannesburg