Masamu Angafikitse Ana Athu Pansi pa Nyanja

Akonzi,

Ndine mphunzitsi wa masamu kuno ku Chipata, ndipo mtima umandipweteka ndikamva ana a Giredi 12 akunena kuti masamu ndi ongolembera mayeso basi. Ndiloleni ndiwauze za ntchito imene ambiri sanaimvepo, yoyeza pansi pa nyanja pogwiritsa ntchito phokoso.

Kuwala sikufika patali m'madzi, koma phokoso limayenda mamita pafupifupi 1,500 pa sekondi imodzi. Chombo chimatumiza phokoso pansi n'kudikira kuti libwerere, ndipo likatenga masekondi 4, katswiri amachulukitsa 1,500 ndi 4, n'kugawa pawiri, apo wadziwa kuti malowo ndi ozama mamita 3,000. Chovuta n'chakuti liwiro la phokosolo limasintha malinga ndi kutentha kwa madzi, kuchuluka kwa mchere komanso kuzama, motero pamafunika munthu wodziwa kulemba mapulogalamu a pakompyuta amene amakonza miyeso miyandamiyanda kufikira itasanduka mapu. Gawo lalikulu la pansi pa nyanja silinajambulidwe bwino mpaka lero, n'chifukwa chake mu 2017 anakhazikitsa ntchito ya Seabed 2030, yofuna kujambula mapu a pansi pa nyanja zonse zamchere pofika chaka cha 2030.

Ena anganene kuti Zambia ilibe nyanja yamchere, koma Tanganyika, amene amafika ku Mpulungu, ndi wozama mamita oposa 1,400, ndipo makina a mtundu womwewu amathandiza kudziwa kuchuluka kwa kapenta m'madzi.

Ndikupempha akuluakulu a maphunziro m'chigawo cha Kum'mawa kuti aike makompyuta ogwira ntchito m'masukulu akumidzi, kuti mwana wa ku Katete kapena ku Lundazi ayambe kulemba mapulogalamu asanafike ku yunivesite.

Mphunzitsi wa masamu,
Chipata